Kuphunzira Kunja: Zokoma ndi Zowawa

Anzanga, ambirife timalota zokaphunzira kunja. Ine ndatolapo phunziro pa anthu awiri akwathu konkuno ku Kasungu.

William Kamkwamba wa ku Wimbe anasiya sukulu atasowa fizi nthawi ya njala ya 2002. Koma makina ake amphepo opanga magetsi anamufikitsa ku Johannesburg, kenako ku Dartmouth College ku America komwe anamaliza mu 2014.

Nanga zowawa? Kamuzu Banda anakhala kunja zaka zoposa 40. Udokotala anaupezadi, koma pobwera mu 1958 Chichewa chinali chitathawa, moti pamisonkhano ankadalira womasulira. Kunjako kulinso chisanu, nsima njosowa, ndipo kumudzi kukagwa maliro sufikako msanga.

Choncho tilimbikire Chingerezi ndi masamu, JCE yayandikira. Mwayi ukadzapezeka tidzapite ndithu, koma Chichewa chathuchi tisadzachisiye pabwalo la ndege.