Kalongonda: n'chifukwa chiyani agogo amataya madzi ake?

Ngati munakulira kwa Nazombe kapena mumagula zinthu pamsika wa Chiringa, kalongonda si wachilendo kwa inu. Koma munayamba mwaonetsetsa mmene agogo amamuphikira? Mphika umakhala pamoto kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Amawiritsa, kusenda makoko, kutaya madzi, kuthira ena, kenako kutayanso. Ukati ulaweko msanga umangomva, "Iwe, tasiya! Sanapse ameneyo." Si kukhwimitsa zinthu chabe ayi, apa pali sayansi.

Muli chiyani m'njere yake?

Asayansi amamutcha kalongonda kuti Mucuna pruriens. Ndi pachibale ndi chitedze choyabwa chija. Njere zake zili ndi mapuloteni ambiri, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwake. Vuto ndi lakuti mulinso mankhwala achilengedwe otchedwa L-DOPA. Akafika mu ubongo amasanduka dopamine, amene amanyamula mauthenga pakati pa maselo a ubongo. Madokotala amapereka L-DOPA kwa odwala matenda a Parkinson, koma pamlingo woyezedwa bwino. Akachuluka m'thupi, munthu amasanza, amachita chizungulire, mwinanso kusokonezeka mutu.

Izi zinachitikadi. Mu 1989, nthawi ya chilala, anthu ambiri a m'chigawo cha Nampula ku Mozambique anadwala mutu motere. Madzi anali osowa, ndiye m'malo motaya madzi ophikira nyembazi, ankamwa.

Madzi amachotsa bwanji poizoniyu?

L-DOPA amasungunuka m'madzi, makamaka otentha. Amachoka pamene wachuluka, ndiye kuti m'njere, kupita pamene wachepa, ndiye kuti m'madzi. Ndi diffusion ija ya m'kalasi la Biology. Koma madziwo akadzadza naye, kutulukako kumachedwa kwambiri. Mukataya n'kuthira atsopano, kusiyana kuja kumabwereranso ndipo L-DOPA wina amatuluka. Kusenda makoko nako kumatsegulira madzi njira yolowera m'kati mwa njere.

Nanga madzi amaderanji? L-DOPA akakumana ndi okosijeni amasanduka melanin, mtundu wa utoto umene umadetsanso khungu lathu. Choncho madzi akuda aja ndi chizindikiro choti ntchito idakalipo.

Nzeru imeneyi si ya Alhomwe okha. Ku Nkhata Bay amaviika chinangwa chowawa m'madzi masiku angapo asanasinje ufa wa kondowole. Ku Morocco nako zipatso za azitona sizidyeka zikangothyoledwa. Amazitema, n'kuziviika m'madzi osinthasintha kapena amchere mpaka kuwawa kutachepa.

Tayesani izi kunyumba

Ikani masamba a tiyi m'kapu, thirani madzi otentha, dikirani mphindi zitatu, tsanulirani madziwo m'tambula. Bwerezani kanayi ndi masamba omwewo, tambula yakeyake ulendo uliwonse. Zindandalikeni muone mmene mtundu ukucheperachepera. Kenako dzifunseni: mukanangosiya masambawo m'madzi oyamba aja kwa mphindi 15, kodi akanasukuluka chimodzimodzi?

Yankho lake ndi lomwe limapangitsa kuti kalongonda asaphikidwe mothamanga. Tsiku lina nkhuni kapena madzi zikachepa pakhomo, wina n'kunena kuti tingophula, inu mudzathe kufotokoza chifukwa chake mphikawo uyenera kubwerera pamafuwa. Ndipo madzi ake, chonde, asamwedwe kapena kuthiridwa mu ndiwo zina.