KASAMALIDWE KA NJINGA ZAMOTO ZAKALE ZOZIZIRA NDI MPHEPO: Phunziro kwa Alangizi a Zaulimi a m'Dera la Macheke

Mau Oyamba

Tauni ya Macheke ili m'chigawo cha Mashonaland East, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 105 kuchokera ku Harare, m'mbali mwa msewu ndi njanji zopita ku Mutare. Ili ndi dera la fodya wa fulu ndi chimanga, ndipo ambiri mwa anthu okhala m'mafamu ake ndi ana ndi zidzukulu za anthu amene anachokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia. Kuyambira m'chaka cha 2000 mafamu ambiri anagawidwa m'magawo a A1 ndi A2, kotero kuti pamene panali mlimi mmodzi tsopano pali mabanja ambiri, lililonse ndi nazale yake, munda wake ndi balani lake. Mlangizi wa AGRITEX ayenera kufika kwa onsewa podzera m'tinjira ta mchenga, ndipo miyendo yake ndi njinga yamoto.

Lamulo la fodya ku Zimbabwe limalola kufesa nazale kuyambira pa 1 June ndi kuwokera kuyambira pa 1 September. Alimi odalira mvula amawokera mu October ndi November. Nthawi imeneyi, pamene mlimi amafunitsitsa mlangizi, ndiyonso nyengo yotentha koposa m'chaka, ndipo ndi pamene injini yakale imavutika kwambiri. Njinga ikagona milungu itatu kudikira pisitoni yochokera ku Harare, uphungu umafika mbande zili kale m'munda.

Cholinga cha phunziroli n'chakuti mlangizi adziwe zinthu zitatu zimene zimaziziritsa injini, azindikire msanga injini ikayamba kutentha mopitirira muyezo, ndiponso akhale ndi ndondomeko ya kasamalidwe. Malangizowa akukhudza njinga monga Yamaha AG100, AG200 ndi DT125, Honda XL125 ndi CG125, komanso Suzuki TF125.

1. Gwero la kutentha

Petulo akamayaka m'silinda, moto wake umapitirira madigiri 2,000, pamene aluminiyamu wa pisitoni ndi mutu wa injini amasungunuka pa madigiri 660 okha. Mwa mphamvu yonse ya petulo, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi ndilo limayendetsa tayala. Yotsalayo imasanduka kutentha, kumene kuyenera kutuluka kudzera ku ekizozi ndi m'zitsulo za injini. Galimoto ili ndi rediyeta, madzi ndi fani, komanso singano yochenjeza woyendetsa. Njinga zimene tatchulazi zilibe chilichonse mwa zimenezi. Zimadalira mphepo, oyilo ndi petulo weniweniyo, ndipo woyang'anira zitatuzi ndi inu wokwerapo.

2. Mphepo

Mutu wa injini ndi silinda zili ndi mizere yazitsulo yopyapyala imene tidzaitcha zipsepse. Ntchito yake ndi kukulitsa malo amene mphepo imakhudza. Njinga ikaima, mphepo imaimanso, pamene moto m'kati ukuyakabe. Choncho musasiye injini ikulira pamene mukulankhula ndi mlimi. Ngati muima kupitirira mphindi ziwiri, izimitseni.

Macheke ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere. Pamalo okwera chotero mpweya ndi wopepuka ndi magawo pafupifupi 14 pa 100 alionse, motero umachotsa kutentha kocheperako, ndiponso injini imakhala ndi mphamvu yocheperako yokokera katundu yemweyo. Kaamba ka ichi, chipsepse chilichonse chiyenera kugwira ntchito.

Matope ouma pakati pa zipsepse ali ngati bulangete lofunditsa injini. Oyilo wodontha akasakanikirana ndi fumbi amapanga chikhokho choipa koposa matope. Tsukani injini itazizira, pogwiritsa ntchito madzi, burashi ndi kamtengo. Pa chikhokho cha oyilo yambani mwapakapo parafini, kenaka konzani gasiketi imene ikudontha. Musamangirire thumba la mbewu kapena kuika lata lotchinga matope kutsogolo kwa injini. Musapake zipsepse penti wokhuthala.

3. Oyilo

Mphepo imafika kunja kokha. M'kati, oyilo ndiye amatenga kutentha pansi pa pisitoni ndi m'mabering'i n'kukupereka ku makoma a injini. Injini yaing'ono ya 4-stroke imanyamula oyilo wokwana lita imodzi kapena kupitirira pang'ono, ndipo oyilo yemweyo amatumikiranso magiya ndi kilatchi. Kapu imodzi ikachepa, ndiye kuti gawo lalikulu la choziziritsa lapita. Akatswiri a oyilo amawerengera kuti kutentha kukakwera ndi madigiri 10, oyilo amaonongeka mofulumira kawiri.

Kampani ya Honda inatulutsa CG125 m'chaka cha 1975 itaona kuti m'maiko osauka anthu ambiri sankasintha oyilo pa nthawi yake, ndipo inaipanga kuti ipirire nkhanza zotero. Koma XL125 siili choncho: camshaft yake imazungulira pa aluminiyamu weniweni wa mutu wa injini, ndipo oyilo akachepa kapena kuda kwambiri, mutu wonse umaonongeka.

Yezani oyilo m'mawa uliwonse njinga itaima chilili pamalo osatsetsereka. M'misewu ya fumbi sinthani oyilo pa makilomita 1,500 mpaka 2,000 alionse, injini ikali yofunda, ndipo tsukani kasefa kawaya ka oyilo. Gulani oyilo wa 20W-50 kapena amene buku la njinga likutchula, ndipo onani kuti pa botolo palembedwa JASO MA, chifukwa oyilo wina wa magalimoto a masiku ano amatereretsa kilatchi. Oyilo wogulitsidwa m'mabotolo otsegula kale mupewe.

Njinga za 2-stroke, monga AG100, DT125 ndi TF125, zili ndi kathanki kapadera ka oyilo ndi pampu imene imampereka ku injini kuti apse pamodzi ndi petulo. M'kathankika muzithira oyilo wa 2T yekha. Kathankika kakauma, m'pampu mumalowa mpweya, ndipo ngakhale mudzazenso oyilo sadzayenda bwino mpaka makaniko atachotsa mpweyawo. Mwaye wounjikana pamwamba pa pisitoni ndi pakamwa pa ekizozi nawonso umasunga moto, choncho uzipalidwa kamodzi pa chaka.

4. Petulo ndi mpweya

Ambiri sadziwa kuti petulo nayenso amaziziritsa injini. Petulo akachepa mpweya n'kuchuluka, pisitoni imatentha kwambiri, mwina mpaka kubooka. Izi zimachitika jeti ya m'kabuleta ikatsekeka ndi zinyalala, labala wolumikiza kabuleta ku injini akang'aluka, kapena sefa ya mpweya ikang'ambika kapena kuchotsedwa.

Kuyambira m'chaka cha 2013 lamulo la Zimbabwe linakakamiza kusakaniza petulo ndi ethanol, amene amapangidwa kuchokera ku nzimbe ku Chisumbanje ndi ku Triangle, ndipo muyezo wake wakhala ukusinthasintha kuyambira pa magawo 5 kufika pa 20 pa 100 alionse. Ku Malawi kusakaniza kotere kunayamba mu 1982 ndi ethanol wa ku Dwangwa. Ethanol ali ndi okosijeni m'kati mwake, ndipo kabuleta sangathe kudzisintha yekha, kotero injini yakale imalandira chakudya chochepa kusiyana ndi mmene inapangidwira. Ethanol amakokanso madzi ndi kufooketsa mapaipi akale a labala. Ngati njinga ikhala mwezi osayenda, khuthulani petulo wa m'kabuleta.

Musalole makaniko kuika jeti yaing'ono pofuna kusunga petulo. Pamtunda ngati pa Macheke injini ikhoza kupirira, koma mukatsikira kuchigwa chotentha, monga ku Nyamapanda panjira ya ku Tete, kumene mpweya ndi wolemera, pisitoni idzagwira.

Pulagi ndiyo mboni ya zonsezi. Nsonga yake ikakhala yofiirira ngati tiyi wamkaka, zonse zili bwino. Ikakhala yakuda ndi mwaye, petulo wachuluka, kawirikawiri chifukwa sefa yatsekeka. Ikayera mbuu ngati phulusa, injini ikutentha, ndipo musayende ulendo wautali musanapeze chifukwa chake. Mpata wa pulagi pa njinga zambiri zotere ndi mamilimita 0.6 mpaka 0.7. Gulani pulagi ya nambala yomweyo imene buku likunena, pakuti nambala imasonyeza mmene pulagiyo imatayira kutentha.

Sefa ya siponji muitsuke m'parafini kapena m'madzi a sopo, iume, muinyowetse ndi oyilo n'kuifinya osaipotokola. M'chilimwe chitani izi mlungu uliwonse.

5. Mavalavu

Valavu yotulutsa utsi imazizira pokhapokha ikakhala pampando wake n'kupereka kutentha ku mutu wa injini. Mpata wake ukachepa, siitsekeka bwino ndipo imapsa. Pa injini zambiri zazing'ono za 4-stroke mpatawu uli pakati pa mamilimita 0.05 ndi 0.10, ndipo uyezedwa ndi feeler gauge injini itazizira. Injini imene yaleka kulira tiki-tiki koma ikuvuta kuliza m'mawa, mwina mavalavu ake athina.

6. Kayendetsedwe

Mumchenga ndi pokwera chitunda njinga imayenda pang'onopang'ono pamene injini ikukoka kwambiri: moto wambiri, mphepo yochepa. Lowetsani giya yaing'ono kuti injini izungulire momasuka, ndipo musaseweretse kilatchi. Mabuleki ogwira, tcheni chothina kapena chouma, matayala ophwa ndi katundu wopitirira muyezo, zonsezi zimasanduka kutentha m'injini. Konzani maulendo anu kuti midzi ya njira zovuta muifike m'mawa kusanatenthe.

7. Zizindikiro za kutentha ndi zoyenera kuchita

Mphamvu imachepa, m'injini mumalira ngati timiyala m'chitini mukawonjezera moto, ndipo pamamveka fungo la oyilo wopserera. Mukamva injini ikugwira, finyani kilatchi msanga kuti tayala la kumbuyo lisaume, kenaka imani ndi kuzimitsa. Imikani njinga pamthunzi podutsa mphepo, kutali ndi udzu wouma, pakuti ekizozi yotentha ikhoza kuyatsa tchire. Dikirani mphindi 30. Musathire madzi pa injini yotentha, chifukwa aluminiyamu akazizira modzidzimutsa amapindika kapena kung'aluka. Itazizira, onani oyilo, zipsepse ndi pulagi musanapitirire.

8. Ndondomeko ya kasamalidwe

Bungwe la Riders for Health, limene linayambitsidwa ndi Barry Coleman, Andrea Coleman ndi Randy Mamola, linaphunzitsa ogwira ntchito zaumoyo ku Lesotho kuyang'ana njinga zawo tsiku ndi tsiku, ndipo njinga 47 zinayenda kuyambira 1991 mpaka 1996 popanda kufera panjira. Chinsinsi chake chinali kusintha zipangizo pa nthawi yoikika, zisanaonongeke. Tsatirani dongosolo ili:

Tsiku lililonse: onani petulo, oyilo, tcheni, mabawuti, mabuleki ndi matayala, ndiponso chotsani matope m'zipsepse.

Mlungu uliwonse: tsukani sefa ya mpweya, yang'anani pulagi, mapaipi a petulo ndi malo odontha oyilo.

Pa makilomita 1,500 mpaka 2,000: sinthani oyilo ndi kutsuka kasefa kake.

Mu August chaka chilichonse: pitani kwa makaniko kuti ayeze mavalavu ndi nthawi ya moto wa pulagi, atsuke kabuleta, ndipo pa 2-stroke apale mwaye ndi kuyeza pampu ya oyilo. Mmera m'poyamba: njinga ikonzedwe kuwokera kusanayambe.

Sungani kabuku kolembamo tsiku, makilomita ndi ntchito imene yachitika, kuti amene adzalandire njingayo pambuyo panu adziwe mbiri yake.

Mafunso okambirana

1. Tchulani zinthu zitatu zimene zimaziziritsa injini yopanda rediyeta, ndipo fotokozani mmene chilichonse chimalepherera.

2. Mlangizi wapeza pulagi yake itayera mbuu atangogula petulo. Ayang'ane malo ati, ndipo ayambire pati?

3. Lembani njira za m'dera lanu zimene zili ndi mchenga kapena zitunda, ndipo konzani ulendo wa mlungu umodzi wa mu October umene sungatopetse injini.