Za Kusanduliza Miyeso

Abale, tikaŵerenga pa Genesis 6 timva kuti chingalawa cha Nowa chinali cha mikono 300 m'litali mwake, ndi mikono 50 m'mimba mwake. Koma ana a sukulu akatifunsa kuti, Nanga ndiwo mayadi angati? ambirife tingoti chete.

Mkono ndiwo kuyambira pa chigongono kufikira kunsonga ya chala chapakati, ngati mainchesi 18. Yadi ili ndi mainchesi 36. Chotero mikono 2 ilingana ndi yadi imodzi, ndipo ichi ndicho tiyenera kuchipeza poyamba: miyeso iŵiriyo ilingana bwanji. Tsono tigaŵe 300 ndi 2, tipeza mayadi 150. M'mimba mwake mayadi 25. Ena achulukitsa m'malo mogaŵa, napeza 600. Alakwa, pakuti muyeso ukakula chiŵerengero chichepa, monga dengu lalikulu litha nkhokwe ndi maulendo oŵerengeka.

Nanga mamita? Mita iposa yadi pang'ono, kotero kuti mayadi 11 ali pafupifupi mamita 10. Tichulukitse 150 ndi 10, ndipo 1,500 yo tiigaŵe ndi 11: atuluka mamita 136 ndi kachidutswa.

Kusiyana kwakung'onoku tisakupeputse pogula nsalu. Wogulitsa akatchula mtengo wa mita, koma nayesa ndi ndodo ya yadi, mayi wolipira mamita 11 apita kwao ndi mamita 10 okha, osadziŵa. Tiyambe tafunsa kuti ndodoyo ndi ya muyeso uti, ndalama zikali m'manja.