Chinkhanira Chachikulu: Penyani Mchira, Osati Msinkhu

Inu eni makomo a kuno ku Mulanje, kuyambira ku Likhubula kufikira ku Muloza, amene mumatola nkhuni m'tsinde mwa phiri ndi kugubuduza miyala m'minda, tcherani khutu pa za chinkhanira, pakuti ambiri amanjenjemera akaona chachikulu napeputsa chaching'ono, chikhalirecho ukali wake suyesedwa ndi msinkhu.

M'dziko lathu lino, monganso ku Mozambique, Zambia ndi Tanzania, muli chinkhanira chachikulu chakuda chimene akatswiri anachitcha Pandinus viatoris. Chili ndi miyendo 8, manja awiri onenepa opanira ngati a nkhanu, ndi mchira wowonda wa mfundo 5 wokhala ndi mbola kunsonga. Usana chimabisala kuuna kapena pansi pa mwala ndi chipika, ndipo kukada chimatuluka kukasaka tizilombo. Chingakhale chimaopsa pochiona, nyonga zake zili m'manja, ndipo kawirikawiri ululu wake umathera pamene chalumapo. N'chimodzimodzinso Hadogenes troglodytes, cha m'ming'alu ya matanthwe ku Zimbabwe ndi South Africa, chimene chimatalika kufika masentimita 20.

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Choyenera kuopedwa ndi chinkhanira cha mchira wonenepa ndi manja owonda, monga Parabuthus transvaalicus cha m'madera otentha a Zimbabwe, kummwera kwa Mozambique ndi kumpoto kwa South Africa, chimene ululu wake umagwira mitsempha ndipo ukhoza kupha, makamaka ana ndi okalamba. Abale opita ku Joni muwauze zimenezi.

Wina akalumidwa, tsukani pabalapo ndi madzi ndi sopo, ikanipo nsalu yonyowa yozizira, ndipo mumpatse panado. Musateme mphini, musamange chingwe, musayamwe, ndipo kachasu si mankhwala, ngakhale alipo amene amaumirira. Mwana wolumidwa, kapena wamkulu amene akuchucha dovu, kunjenjemera, kulephera kumeza kapena kubanika, musamgoneke kudikira kuti kuche. Thamangani naye kuchipatala chapafupi, ku Mulanje District Hospital kapena ku Mulanje Mission, ndipo mukafotokozere adokotala maonekedwe a mchira ndi manja a chimene chamluma.

Kunyumba, kutumulani nsapato, zovala ndi zofunda musanazigwiritse ntchito, matani ming'alu ya m'zipupa, unjikani nkhuni ndi njerwa patali ndi khonde, gonani m'neti yopisidwa bwino kunsi kwa mphasa, ndipo ana asatuluke usiku opanda nsapato ndi tochi.