MPHAMVU YA MADZI A M'MIPOPE

Madzi ndi cinthu cofewa, koma akatsekeredwa mu mpope ali nayo mphamvu yaikuru. Mwana akaboola citini mabowo atatu, lina pamwamba, lina pakati, lina pansi, nacidzaza, adzaona kuti madzi a pa bowo la pansi aturuka mwaukali koposa. Atero cifukwa madzi onse a pamwamba ali kuwapsinja.

M'caka ca 1586 munthu wanzeru wobadwira ku Bruges, dzina lace Simon Stevin, anaonetsa kuti kupsinja kumeneku sikutsata kucuruka kwa madzi iai, koma msinkhu wace. Madzi a msinkhu wa mamita 10 apsinja kamalo konga cikhadabo ndi kulemera kwa kilogalamu imodzi.

Ku Blantyre madzi ambiri atungidwa mu Shire pa Walker's Ferry, ndipo makina awakweza ku mathanki a pa zitunda. Pocoka pamenepo atsika okha kunka ku nyumba za anthu. Cotero nyumba ya kufupi ndi thanki ilandira madzi ofatsa; koma ya m'cigwa, yokhala mamita 60 kunsi kwa thanki, ipsinjidwa ndi makilogalamu 6 pa kamalo kali konse kotere. Usiku, anthu ataleka kutunga, mphamvuyo ikulanso.

Nyumba yopsinjidwa idziwika ndi izi: mpope udontha ungakhale watsekedwa, mphira za m'kati mwace zitha msanga, molumikiza mucuca, ndipo munthu akatseka mwadzidzidzi, mipope igunda m'khoma monga nyundo. Kukhoma kukanyowa ndi kugamuka, ndipo mwini nyumba alipira madzi amene sanamwe.

Ena ayesa kuti akatseka pang'ono cotsekera ca pakhomo, athetsa bvuto. Si momwemo. Cotsekeraco cicepetsa madzi oyenda. Koma madzi akaima, mphamvu ibwera yonse monga kale. Cofunika ndico valavu yocepetsa mphamvu, imene mmisiri wa mipope aiika polowera madzi m'nyumba. M'kati mwace muli sipuling'i ndi kacitseko. Mphamvu ya m'nyumba ikapitirira muyeso, kacitseko katseka. Ikacepa, sipuling'i ikatsegulanso. Amisiri ambiri aicera pa mphamvu yonga ya msinkhu wa mamita 30, ndiyo yokwanira kusamba ndi kucapa.

Ana nawonso ali nayo nchito yao: kutseka mpope pang'ono pang'ono, ndi kuuza akuru akaona podontha. Pakuti madzi akunga ng'ombe ya pa goli: yoweta bwino ilima munda, yolekerera ithyola khasu.

MAFUNSO

1. Kodi mphamvu ya madzi itsata ciani?
2. Cifukwa ninji nyumba ya m'cigwa ipsinjidwa koposa?
3. Chulani zizindikiro zitatu za nyumba yopsinjidwa.
4. Kodi cotsekera ndi valavu zisiyana bwanji?