PHUNZIRO LA ULIMI: NG'OMBE YA MKAKA NDI CHONDE CHA M'MUNDA

Dziko la mapiri la Dedza, kuyambira ku Bembeke kufikira ku Linthipe, lidziwika ndi mbatata ya kachewere, nyemba ndi chimanga. Koma minda yachepa pakuti anthu achuluka, ndipo pa malo otsetsereka mvula ikokolola nthaka chaka ndi chaka. Feteleza nayenso anakwera mtengo koopsa, makamaka ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu mu May 2022 ndi mu November 2023. Tsono banja la munda waung'ono lidzatani kuti nthaka isaguge? Njira imodzi ndiyo kuweta ng'ombe ya mkaka m'khola, kuti munda udyetse ng'ombe ndipo ng'ombe idyetse munda.

1. Mtundu wa ng'ombe

Ng'ombe ya makolo, ya linunda, ipirira matenda ndi njala, koma mkaka wake ndi wochepa, lita imodzi kapena awiri pa tsiku. Ng'ombe ya Friesian kapena ya Jersey, ngakhalenso mwana wobadwa pokweretsa mitundu imeneyi ndi ya makolo, itulutsa malita 10 kapena kuposa ikadya bwino. Mphepo yozizira ya ku Dedza iziyanja ng'ombe zimenezi, koma zifuna chisamaliro cha tsiku ndi tsiku.

2. Chakudya

Mlimi wanzeru abzala udzu asanalandire ng'ombe. Nsenjere zobzalidwa m'mizere yopingasa pa mtsetse zigwira nchito ziwiri: zitchinjiriza nthaka kuti isapite ndi madzi, ndiponso zidyetsa ng'ombe. Azidule zikafika msinkhu wa mita imodzi, nazidula-dula asanaziike m'chodyera. Ng'ombe yaikulu idya makilogalamu 40 kufikira 50 a udzu wauwisi pa tsiku, nimwa malita 40 a madzi kapena kuposa. Madeya, masamba a mtedza ndi a nyemba, ndi masamba a mitengo monga calliandra ndi lukina aonjezera mkaka.

Bvuto lalikulu lifika m'chilimwe, pamene udzu uuma. Chifukwa chake mlimi amwete udzu mvula ikamatha, auumitse ndi kuusunga pa thandala la denga, pamodzi ndi mapesi. Wotentha mapesi atentha chakudya cha ng'ombe yake ndi chonde cha munda wake pa nthawi imodzi.

3. Manyowa

Ng'ombe yoyenda m'dambo isiya ndowe kumene mwini wake salimako. Ya m'khola izisiya pa malo amodzi. Koma ndowe zosiyidwa pa dzuwa ndi pa mvula zitaya mphamvu yake, makamaka nayitirojeni, amene abiriwitsa chimanga. Mkodzo nawonso uli ndi chakudya chambiri cha mbeu. Motero khola likhale lofolera, ndipo pogona ng'ombe payalidwe udzu kapena mapesi omwa mkodzo. Zonsezi aziunjike pa mthunzi, aziphimbe, nazitembenuza nthawi ndi nthawi kwa miyezi iwiri kapena itatu kufikira zitaola. Manyowa osapsa awaula mbeu, nabweretsa udzu m'munda.

Manyowa safulumira monga feteleza, ndipo a ng'ombe imodzi sakwanira munda wonse chaka chimodzi. Ndi bwino kuthira chigawo chimodzi chaka chino, china chaka chamawa. Ubwino wake ndi wakuti afewetsa nthaka, nayithandiza kusunga chinyontho mvula ikadula.

4. Matenda

Mdani wamkulu wa ng'ombe za mkaka kuno ndi nkhupakupa, makamaka zoluma m'makutu, zimene zifalitsa nthenda ya East Coast Fever. Ng'ombe ya m'khola ikumana nazo pang'ono, komabe zitha kubwera ndi udzu womweta. Mlimi ayang'ane m'makutu ndi pansi pa mchira masiku onse. Ulimi wa manyowa sutanthauza kumana ng'ombe mankhwala ikadwala. Ikatentha thupi kapena kuleka kudya, aitane mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo. Mkaka wa ng'ombe imene yabayidwa mankhwala usagulitsidwe kapena kumwedwa kufikira masiku amene mlangizi wanena atatha.

5. Mkaka ndi chilungamo

Wokama asambe m'manja, atsuke bere ndi chitini, napereke mkaka msanga ku gulu la alimi, monga la Chitsanzo, kumene auyesa ndi kuuziziritsa. Wothira madzi mu mkaka aba kwa ogula, ndipo mkaka woipa wa munthu mmodzi utha kuononga thanki ya gulu lonse. Banja lisagulitse wonse: ana amwe kapu tsiku liri lonse, utayamba wawiritsidwa, pakuti mkaka wauwisi utha kupatsira chifuwa chachikulu.

Mabanja ambiri analandira ng'ombe mwa pangano lakuti mwana wamkazi woyamba adzaperekedwa kwa banja lina. Wobisa kapena wogulitsa mwana ameneyu atseka khomo la mnzake amene wamanga kale khola. Akuluakulu anati: kupatsa nkuika.

Mafunso

(a) Chifukwa ninji udzu uyenera kubzalidwa ng'ombe isanafike?
(b) Kodi ndowe zitaya bwanji mphamvu yake?
(c) Kodi m'mudzi muno mapesi a chaka chatha anapita kuti?