Wothandiza Wanzeru Amadziŵa Malire Ake

MATENDA samayembekezera kuti kunja kuche. Pamafamu aakulu a fodya ndi chimanga a ku Mashonaland, m’Zimbabwe, antchito ambiri, kuphatikizapo ochokera ku Malaŵi, Mozambique, ndi Zambia, anali kukhala m’makomboni otalikirana ndi chipatala. Kodi ndani akanathandiza mwana wotseguka m’mimba pakati pa usiku?

2 Kuchiyambi kwa ma 1980, m’chigawo cha Bindura, Unduna wa Zaumoyo mothandizidwa ndi Save the Children unayamba kuphunzitsa othandiza zaumoyo a pafamu. Ambiri anali akazi a m’komboni momwemo. Iwo sanali anamwino, ndipo malipiro awo ochepawo kaŵirikaŵiri anadalira pa mwini famu. Masana anali kupereka mankhwala a matenda aang’ono ndi kulimbikitsa kumanga zimbudzi za Blair. Komabe, usiku chitseko choyamba kugogodedwa chinali chawo.

Kuchita Zotheka, Kutumiza Zosatheka

3 Wothandizayo anafunikira kuchitapo kanthu mwamsanga. Kwa mwana wotseguka m’mimba, iye anali kusungunula masupuni aang’ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing’ono ya mchere m’madzi oŵiritsa okwanira mamililita 750, nammwetsa pang’onopang’ono. Madzi wamba ameneŵa apulumutsa miyoyo yambiri.

4 Koma bwanji ngati mwanayo analephera kumwa, mkazi anataya mwazi wambiri pobala, kapena wantchito anakomoka ndi mankhwala ophera tizilombo? Pamenepo kudzichepetsa kunali kofunika. Kuumirira kuchiritsa yekha kukanatayitsa maola amtengo wapatali. Thayo lake linali la kudzutsa kapitawo, ngakhale mwini famu, ndi kupempha galimoto ya kuchipatala. Zimenezo zinafuna kulimba mtima, pakuti wodzutsidwayo ndiye anali kumlipira!

5 Pamene mafamu ambiri anagaŵidwa kuyambira mu 2000, makonzedwe ameneŵa anasokonezeka. Ndiyeno mu 2008 ndi 2009, kolera inapha anthu oposa 4,000 m’Zimbabwe, ambiri a iwo asanafike kuchipatala. Chotero, aliyense amene anansi amamdalira usiku ayenera kudziŵa bwino zinthu ziŵiri: zimene angachite iye mwini, ndi nthaŵi yotumizira wodwala kwa odziŵa zambiri.

Kodi Mungayankhe Motani?

□ Kodi othandiza zaumoyo a pafamu anali ayani?

□ Kodi madzi a shuga ndi mchere amakonzedwa motani?

□ Kodi nchifukwa ninji wothandiza amafunikira kudzichepetsa ndiponso kulimba mtima?